MBIRI YA ALEXANDER ADAM, MWANA WA MLIMI AMENE ANAKHALA MPHUNZITSI WA CHILATINI

M'mabuku a mbiri yakale timawerenga kawirikawiri za mafumu, za akazembe a nkhondo ndi za anthu oyenda m'maiko akutali. Koma za aphunzitsi sitiwerenga zambiri, chinkana mfumu iliyonse yodziwa kulemba inayamba yagwidwa dzanja ndi mphunzitsi. Chifukwa cha ichi tati m'magazini ino tikambeko za mphunzitsi mmodzi wa ku Scotland, dzina lake Alexander Adam, amene anabadwa m'chaka cha 1741 namwalira m'chaka cha 1809. Iyeyu anali mwana wa mlimi wosauka wa kumudzi, koma anafika pokhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu yotchuka ya High School mumzinda wa Edinburgh kwa zaka 41. Phunziro lake linali Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale.

Kapena wina afunsa kuti ife a ku Ntcheu tili naye chiyani munthu wa kutali chotere, amene anamwalira agogo a agogo athu asanabadwe. Yankho ndi lakuti mlandu umene iye analimbana nawo moyo wake wonse timakomana nawo ifenso m'mawa mulimonse belu likalira. Mlanduwo ndi uwu: kodi mwana wa sukulu aziloweza pamtima mawu amene sakuwamva, kapena ayambe wamva tanthauzo lake m'chiyankhulo chimene akuchidziwa kale?

KWAO NDI UBWANA WAKE

Alexander anabadwa pa 24 Juni 1741 pa kamunda kena pafupi ndi tauni ya Forres, m'dera la Moray, kumpoto kwa Scotland. Munda umene atate wake ankalima sunali wao. Unali wa mwini malo, ndipo chaka ndi chaka iwo ankalipira lendi, kaya zokolola zachita bwino kaya zakanika. Amene anamvapo kwa akuluakulu za thangata la m'maesiteti a azungu m'dziko lathu lino adziwa kuti kulima pa nthaka ya mwini kumawawa bwanji. Mbewu za kumeneko zinali barele ndi ina yotchedwa oats, imene ufa wake amaphikira phala, ndipo phala limeneli ndilo linali nsima ya anthu osauka a ku Scotland.

Dziko la Moray ndi lozizira koposa. Chisanu cha ku Tsangano kapena ku Lizulu m'mwezi wa Juni n'chamasewera poyerekeza ndi cha kumeneko. M'mwezi wa Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndipo 4 koloko ya madzulo isanakwane lalowa kale. Tsono mwana wofuna kuwerenga anayenera kupeza kuwala kwina, koma makandulo anali a anthu a ndalama. Alimi osauka ankakumba m'madambo zitsa za mitengo ya paini imene inakwiririka m'matope kalekale, naiwaza timapalipali. Timitengo timeneti tinali ndi utomoni wambiri, ndipo tinkayaka monga momwe zinkayakira nsatsi zotunga pa kamtengo zimene makolo athu ankaunikira m'nyumba koloboyi asanabwere. Ndi kuwala kotere Alexander ankadzuka m'mbandakucha nawerenga mabuku ake, ntchito za pakhomo zisanayambe.

Mwayi umodzi umene ana a ku Scotland anali nao ndi wakuti lamulo la m'chaka cha 1696 linanena kuti dera lililonse lokhala ndi tchalitchi chake likhalenso ndi sukulu ndi mphunzitsi wake. Aphunzitsi a masukulu a kumidziwa ankalandira malipiro ochepa, komabe ambiri a iwo ankadziwa Chilatini, pakuti masiku amenewo munthu sakanalowa yunivesite, kapena kukhala mbusa, dokotala ngakhale loya, wopanda chiyankhulo chimenechi. Alexander anaphunzira Chilatini chonse chimene mphunzitsi wa kwao anatha kumpatsa, ndipo china anadzifunira yekha. Olemba mbiri yake amati asanakwanitse zaka 16 anali atawerenga mabuku onse otsala a Livy, munthu amene analemba mbiri ya mzinda wa Roma. Livy analemba mabuku 142, ndipo amene anapulumuka kufikira lero alipo 35. Taganizani mnyamata wa msinkhu wa Fomu 2 akutsiriza mulu wotere, m'chiyankhulo chachilendo, utsi wa paini uli kumlowa m'maso.

KULEPHERA KU ABERDEEN NDI UMPHAWI WA KU EDINBURGH

M'chaka cha 1757 Alexander anapita ku Aberdeen kukalemba mayeso opikisana. Amene ankapambana mayesowo ankalandira thandizo la ndalama zolipirira maphunziro a ku yunivesite. Kwa mwana wa mlimi wa lendi limeneli ndilo linali khomo loonekera. Koma mnyamata uja amene anawerenga Livy yense sanapambane, ndipo anabwerera kumudzi chimanjamanja.

Apa n'pofunika kuimapo pang'ono, chifukwa ambiri a ife timadziwa za anzathu amene dzina lao silinatuluke pa mndandanda wa osankhidwa, ndipo kuyambira tsiku lomwelo anaika mabuku padenga. Mayeso a tsiku limodzi amayesa zimene munthu wachita tsiku limenelo basi. Akanakhala kuti Alexander anakhulupirira kuti mayeso a ku Aberdeen anamuyesa iye yense, bwenzi dzina lake litathera m'mizere ya barele.

Pasanapite nthawi yaitali, mbusa wina wa ku Edinburgh, amene anali wachibale cha amai ake, anamuitana kuti apite kumzindako. Ulendowo unali wa mamailosi ngati 150, ndipo masiku amenewo kunalibe sitima ya pamtunda. Atafika analoledwa kumamvera maphunziro a pa yunivesite ya Edinburgh osalipira. Koma chakudya ndi pogona zinali kwa iye mwini.

Ndalama zimene ankapeza pophunzitsa mwana wa munthu wina kunyumba zinali masheleni 84 pa chaka. Popeza sheleni imodzi inali makobiri 12, ndiye kuti pa chaka chonse anali ndi makobiri 1,008. Anapeza kachipinda ku Restalrig, kunja kwa mzinda, ka makobiri 4 pa mlungu, ndiwo makobiri 208 pa chaka. Akatswiri a masamu a m'kalasi mwathu aona msanga kuti ankatsala ndi makobiri 800, ndiye kuti makobiri awiri ndi kanthu pang'ono pa tsiku. Pamenepo panayenera kuchoka chakudya, zovala, mapepala ndi inki.

M'mawa ankadya phala. Masana kawirikawiri ankagula kabuledi ka kobiri limodzi, nakadya akuyendayenda m'bwalo lina la udzu lotchedwa Meadows, natsirira madzi. Kukakhala mvula kapena chipale ankadyera pa makwerero a nyumba zazitali za mumzindamo. Chinkana zinali chotere sanaleke sukulu. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo Alexander anautha mtunda wake chomwecho, kobiri ndi kobiri, tsiku ndi tsiku.

AYAMBA NTCHITO YA UPHUNZITSI

Ali ndi zaka 19 zokha anasankhidwa kukhala mphunzitsi wamkulu wa Watson's Hospital. Dzinali lisatisokoneze, pakuti sichinali chipatala ai, koma sukulu yogonera komweko, yolerako ana a anthu amalonda amene chuma chao chinagwa kapena amene anamwalira. Kuyambira pano tiziwatchula mwaulemu kuti Bambo Adam, chifukwa tsopano ndi aphunzitsi.

Atagwira ntchito kumeneko zaka ngati zitatu anasiya, nakakhala mphunzitsi wa m'nyumba ya a Kincaid, munthu wolemekezeka amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa khonsolo ya mzinda wa Edinburgh. Kupyolera mwa a Kincaid, Bambo Adam anadziwika kwa akuluakulu a mzindawo, ndipo pamene mphunzitsi wamkulu wa High School anayamba kudwaladwala, iwo anaitanidwa kukamthandiza. Anathandiza zaka zitatu, ndipo m'chaka cha 1768, ali ndi zaka 27, anapatsidwa udindo wonse. Zaka 11 zokha zinali zitapita chilepherere mayeso aja a ku Aberdeen.

Sukuluyi inali ya khonsolo ya mzinda, ndipo inkayenda motere: panali aphunzitsi anai, ndipo aliyense ankatenga gulu la anyamata ongoyamba kumene nayenda nalo zaka zinai. Zitatha zakazo anyamata ankalowa m'kalasi la mphunzitsi wamkulu kukatsiriza. Pafupifupi tsiku lonse linkathera pa Chilatini. Makalasi anali odzaza kwambiri, ndipo mkwapulo sunkakhala patali ndi dzanja la mphunzitsi. Pa nthawi ya Bambo Adam ana anachuluka kotero kuti m'chaka cha 1777 khonsolo inayamba kumanga nyumba yatsopano ya sukuluyo.

MKANGANO WA BUKU LA GALAMALA

Masiku amenewo masukulu a ku Scotland ankadalira mabuku a katswiri wina wotchedwa Thomas Ruddiman, amenenso anali mwana wa mlimi wa kumpoto. Iye analemba kabuku ka oyamba kumene m'chaka cha 1714, ndipo pambuyo pake analemba buku lalikulu la galamala. M'buku lalikululi malamulo a Chilatini analembedwa m'Chilatini momwemo, ndipo ambiri anali m'mizere yonga ndakatulo kuti ana aziloweza. Tsono mwana ankaimirira nalakatula lamulo lonse osaphonya liwu, koma ukamfunsa chimene wanena, kukamwa kunali gwa. Zinali ngati kumpatsa munthu bokosi lokhoma, kiyi wake ali m'kati mwa bokosi lomwelo.

Bambo Adam anaona kuti njira imeneyi inali kutayitsa ana zaka zambiri ndi kuwadanitsa ndi phunziro. M'chaka cha 1772 anatulutsa buku lao la galamala lotchedwa The Principles of Latin and English Grammar. M'bukuli malamulo onse anawafotokoza m'Chingelezi, chiyankhulo chimene anawo ankachimva, ndipo anaika galamala ya Chingelezi pambali pa ya Chilatini kuti mwana achoke pa chimene akuchidziwa kunka ku chimene sakuchidziwa.

Ife lero tingaganize kuti aliyense anaombera m'manja nzeru yotere. Koma sizinatero. Aphunzitsi anai aja anakana kugwiritsa ntchito bukulo, ndipo akuluakulu ena a pa yunivesite anagwirizana nao. Sitinganene kuti onsewo anali anthu a njiru chabe. Iwo eni anakula ndi mabuku a Ruddiman ndipo anaona kuti anatulutsa akatswiri ambiri. Ankadziwanso kuti chimene mwana waloweza ali wamng'ono sichichoka msanga m'mutu. Ndiponso kunali kosokoneza kuti anyamata aphunzire zaka zinai ndi buku lina, kenaka n'kukapeza lina m'kalasi lotsiriza. Komabe panalinso kunyada ndi kuwawidwa mtima, poona kuti munthu wachinyamata wochokera kumudzi akufuna kukonza zimene akuluakulu anazikhazikitsa. Mmodzi wa aphunzitsiwo, William Nicol, anali munthu waukali kwambiri, ndipo anawasautsa Bambo Adam zaka zambiri.

Mkanganowu unatenga zaka 14. Potsiriza, m'chaka cha 1786, khonsolo ya mzinda inagamula kuti pa sukulupo pazigwiritsidwa ntchito mabuku a Ruddiman okha. Tangoganizani manyazi ake: mphunzitsi wamkulu, amene yunivesite ya Edinburgh yomweyo inampatsa digiri yaulemu ya udokotala wa malamulo m'chaka cha 1780, kuletsedwa buku lake pa sukulu yake yomwe. Munthu wina akanatula pansi udindo tsiku lomwelo. Bambo Adam sanachoke. Anapitiriza kuphunzitsa zaka zina 23.

Ndipo bukulo silinafe. Linasindikizidwa kachiwiri ndi kachitatu ndi kupitirira apo, masukulu ena analilandira, ndipo linaoloka nyanja kufika ku America, kumene ana ambiri anaphunzira nalo Chilatini kwa zaka makumi angapo. Lero mabuku ambiri ophunzitsira Chilatini kwa oyamba amalembedwa m'chiyankhulo cha ophunzirawo, ndipo palibenso amene amadabwa nazo.

MAVUTO ENA AWIRI

M'chaka chomwecho cha 1772 Bambo Adam anayambanso kuphunzitsa Chigiriki m'kalasi lao. Kufikira nthawi imeneyo Chigiriki chinkayambidwa ku yunivesite, ndipo mphunzitsi wa kumeneko ankalandira ndalama kwa ophunzira aliyense wolowa m'kalasi la oyamba. Tsono anyamata akabwera akudziwa kale chiyambi cha Chigiriki, thumba lake likanaphwa. Akuluakulu a yunivesite, motsogozedwa ndi mkulu wao William Robertson, anakadandaula ku khonsolo kuti sukulu ikulowerera munda wa eni. Koma pa mlandu uwu sanapambane, ndipo Chigiriki chinakhazikika pa High School.

Vuto lina linadza pambuyo pa chaka cha 1789, pamene anthu a ku France anaukira mfumu yao. Boma la Britain linachita mantha kuti moto umenewo ungaolokere kwao, ndipo aliyense wotchula za ufulu ankamuyang'ana ndi diso lofiira. Tsono mphunzitsi wa mbiri ya Aroma sangathe kupewa mawu amenewa, pakuti mbiriyo ikamba za mtundu wa anthu amene anapirikitsa mafumu ao nayamba kusankha okha atsogoleri. Bambo Adam anayamba kukayikiridwa. Henry Cockburn, amene anaphunzira m'kalasi lao ndipo pambuyo pake anakhala woweruza milandu wamkulu, analemba kuti kwa zaka zingapo anthu ankawazonda ndi kuwadyera miseche, ndipo makolo ena ankalimbikitsa ana ao kuti azikanena kunyumba zimene aphunzitsi ayankhula m'kalasi. Palibe chinthu chowawa kwa mphunzitsi choposa kuona kuti ana amene akuwaphunzitsa asanduka akazitape. Bambo Adam anapirira, nasamala pakamwa pao, koma phunziro sanalisinthe.

ANA AMENE ANADUTSA M'MANJA MWAO

Mtengo umadziwika ndi zipatso zake. Mwa anyamata amene anakhala pa mabenchi a Bambo Adam munali Walter Scott, amene analowa sukuluyi m'chaka cha 1779 ndipo anadzakhala mlembi wa ndakatulo ndi nthano wotchuka pa dziko lonse. Scott sanali mwana wakhama m'makalasi oyamba. Iye mwini analemba kuti Chilatini ankachiona ngati katundu wolemera chabe, kufikira atalowa m'kalasi la Bambo Adam, amene anamuonetsa kukoma kwa zimene zinali m'mabukumo. Bambo Adam anaona kuti chinkana anyamata ena ankamposa Scott pa malamulo a galamala, iye ankagwira msanga chimene mlembi akutanthauza, ndipo anamuyamikira pamaso pa anzake. Anamlimbikitsanso kutembenuzira m'Chingelezi ndakatulo za Horace ndi Virgil. Kuyamikira kumeneko kunadzutsa mnyamata amene ena ankamuyesa waulesi.

Munalinso Henry Brougham, amene m'chaka cha 1811 anatsogolera lamulo lakuti nzika ya Britain yogwidwa ikuchita malonda a akapolo izilangidwa ngati chigawenga, ndipo m'chaka cha 1830 anakhala mkulu wa oweruza onse a dziko la England. Munali Francis Jeffrey ndi Francis Horner, amene pamodzi ndi Brougham anali m'gulu loyambitsa magazini yotchuka ya Edinburgh Review m'chaka cha 1802. Munalinso James Pillans, amene anadzalowa m'malo mwa Bambo Adam pa sukulu yomweyo, ndipo anthu ambiri amamkumbukira ngati mmodzi wa oyamba kuphunzitsa ndi bolodi ndi choko cha mitundumitundu. Tsono aphunzitsi athu akamajambula mapu pa bolodi, akutsata mapazi a mwana wa sukulu wa Bambo Adam.

Scott anafotokozanso kuti Bambo Adam ankakumbukira mnyamata aliyense amene anadutsa m'kalasi lao, ndi kumene anakathera. Anali ndi kachilema kamodzi kamene ana ao ankakaseka mwachikondi: mwana wao wakale akatchuka, iwo ankakhulupirira kuti zonsezo zinachokera m'kalasi lao, ndipo wina akagwa m'mavuto ankati n'chifukwa sanamvere malangizo a kusukulu. Kunyada kotere tingakukhululukire, pakuti ndi kwa munthu amene chuma chake chonse chinali ana a eni.

MABUKU AO ENA NDI IMFA YAO

Ntchito ya m'kalasi ikatha, Bambo Adam ankakhala pa tebulo kulemba. Ankafuna kuti mwana wowerenga Chilatini adziwenso anthu amene ankachiyankhula: nyumba zao, malamulo ao, zovala, chipembedzo, ndalama ndi kamenyedwe kao ka nkhondo. Chotero m'chaka cha 1791 anatulutsa buku lotchedwa Roman Antiquities, lofotokoza miyambo ya Aroma. Osindikiza anawalipira mapaundi 600. Munthu uja amene kale ankakhala chaka chathunthu ndi mapaundi anai ndi masheleni anai analandira pa buku limodzi ndalama zimene zikanamsunga zaka zoposa 140 pa moyo wa ku Restalrig. Bukulo linatembenuzidwanso m'Chijeremani. M'chaka cha 1794 anatulutsa buku la jogalafe ndi mbiri yakale, ndipo m'chaka cha 1805 anatulutsa dikishonale ya Chilatini ya ana a sukulu. Ankakonzanso dikishonale ina yaikulu, koma imeneyo sanaitsirize.

Atakalamba, ana ao akale anasonkha ndalama napempha katswiri wojambula, Henry Raeburn, kuti ajambule chithunzi chao, ndipo chithunzicho chikusungidwa ku Edinburgh.

Pa 13 Disembala 1809 Bambo Adam anagwidwa ndi matenda a sitiroko ali m'kati mophunzitsa. Anadwala masiku asanu. Pa nthawi yotsiriza nzeru zao zinabwerera kusukulu, ndipo ankayankhula ngati ali pamaso pa kalasi, kufunsa mafunso ndi kukonza zolakwa. Pamene maso ao anayamba kuchita mdima, anayesa kuti dzuwa lalowa, ndipo anauza anyamata amene ankawaona m'maganizo mwao kuti kwada, aweruke azipita kwao. Anamwalira pa 18 Disembala 1809 ali ndi zaka 68, atagwira ntchito ya uphunzitsi pafupifupi zaka 50.

NANGA IFE A KUNO?

Chilatini cha m'masukulu a ku Scotland chili ndi njira yake yofikira kwathu kuno. Zaka 14 Bambo Adam atamwalira, m'chaka cha 1823, mnyamata wina wa zaka 10 anayamba ntchito m'fakitale ya thonje m'mudzi wa Blantyre ku Scotland. Pa malipiro a mlungu wake woyamba anapatulapo ndalama nagula kabuku ka Ruddiman ka oyamba Chilatini, ndipo ankakaphunzira usiku ataweruka ntchito 8 koloko. Mnyamatayo anali David Livingstone. Chilatini chimenecho chinamthandiza kulowa maphunziro a udokotala, ndipo mzinda wathu wa Blantyre unatenga dzina la mudzi wa kwao. Mnzake wa paulendo, John Kirk, amene dzina lake linapatsidwa ku mapiri a kumadzulo kwa boma lathu lino, anaphunzira udokotala pa yunivesite ya Edinburgh, pomwe Bambo Adam anaphunzira akudya kabuledi ka kobiri.

Chilatini chinamvekanso m'boma la Ntcheu momwe muno. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama m'chaka cha 1901, Misa inkachitika m'Chilatini, ndipo zinakhala chomwecho kufikira msonkhano waukulu wa ku Vatican wa m'zaka za 1962 mpaka 1965 utalola ziyankhulo za anthu eni. Anyamata a m'maseminale ankachiphunzira, ndipo pamene Dr. Kamuzu Banda, amenenso anaphunzira udokotala ku Edinburgh, anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'chaka cha 1981, analamula kuti ana a kumeneko aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ngakhale ife amene sitinachiphunzire timachitchula osadziwa. Mawu akuti kalasi ndi Misa mizu yake ili m'Chilatini, chimodzimodzinso maina a miyezi kuyambira Januwale mpaka Disembala. M'phunziro la zaulimi, mbatata ya kachewere imene amagulitsa pa msika wa Lizulu timailemba kuti Solanum tuberosum.

Koma chachikulu chimene tingatole kwa Bambo Adam si Chilatini ai. Ife timaphunzira sayansi, masamu ndi mbiri yakale m'Chingelezi, chimene sichiyankhulo cha pa mtondo kapena cha kudambwe. Chifukwa cha ichi, chiyeso chimene chinagwira anyamata a ku Edinburgh chili pa ife tsiku ndi tsiku. Mayeso akayandikira timaloweza manotsi tsamba ndi tsamba, ndipo funso likabwera monga linalembedwera m'kope timakhoza, koma woyesa akangolitembenuza pang'ono timasowa pogwira. Kuloweza pakokha sikoipa, pakuti matebulo a masamu ndi maina a zinthu ayenera kukhala pamtima. Choipa ndi kuloweza chinthu usanachimve.

Pali njira yapafupi yodziyesera. Mukatha kuwerenga mutu wina, tsekani buku, ndipo muyese kufotokozera mng'ono wanu kapena agogo anu m'Chichewa chomveka chifukwa chake masamba a chimanga amafuna dzuwa, kapena chimene chimachititsa kuti mvula igwe. Akamva, ndiye kuti inunso mwamva, ndipo kuzilemba m'Chingelezi sikudzakuvutani. Akapanda kumva, tsegulaninso bukulo, pakuti mawu muli nao koma nzeru yake simunaitole.

Kwa inu aphunzitsi athu, tikuthokoza pa nthawi zonse zimene mumaima pakati pa phunziro, poona nkhope zathu zasokonezeka, n'kubwereza mfundo ija ndi chitsanzo cha kumudzi kufikira titamva. Mphindi zimenezo sizitayika. Ndipo kwa anzathu amene mumachokera kutali wapansi, amene mumawerengera pa koloboyi kapena pa kuwala kwa tochi, ndi inu amene munalepherapo mayeso kamodzi, kumbukirani kuti mphunzitsi wa Walter Scott analephera ku Aberdeen ali ndi zaka 16, ndipo zitatero anakafuna khomo lina ku Edinburgh.